Malaya a Buluu a ku Limbe

Dzulo pa Lafayette Road tinakumana ndi Amwenye atatu akupita kuchikondwerero, atavala malaya aatali a buluu wotuwa, aja amati kurta. Ndinamukoka mwana wanga Tadala mpaka analira.

Ndili wamng'ono, amayi ankachapa kwa Amwenye ku Limbe. Tsiku lina nyumba inadzaza fungo la lubani ndi zokazinga, azibambo onse atavala choncho. Ndinati basi, a katemera ovala buluu aja abwera! Ndinathawira kuseri kwa matumba a mpunga, nditagwira matako.

"Iwe Chikondi, tuluka, akugawa maswiti!" anakuwa amayi.

"Amayamba choncho, kenako jakisoni!"

Anzanga ananyambita zala, ine ndikutafuna mpunga wosaphika.

Ndiye taonani, ndinathawa a maswiti, n'kudzakwatiwa ndi nesi wovala buluu, wa jakisoni weniweni.