Galimoto imene anaigawana ngati mbuzi

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza mnzanga Lameki kukapempha zitseko. Inde, zitseko za galimoto, ndipo tinkakazipempha kwa bambo ake aang'ono.

Lameki ndi mmisiri wowongola magalimoto pa Nathenje. Minibasi ikaphwanyika pamsewu waukuluwu, ndiye amaimenya ndi hamala mpaka ioneke ngati sinalaweko ngozi. Koma kumudzi kwawo, kuseri kwa Mitundu, kuli galimoto imodzi imene yamusowetsa tulo.

Ndi chigalimoto chakuda, chachitali, chamakedzana, cha mabwana enieni. Pakati pa dalaivala ndi okwera kumbuyo panali galasi, kuti wantchito asamve zimene akuluakulu akukambirana. Bambo ake a Lameki ndiwo ankaiyendetsa pa esiteti ina ya fodya, ndipo mwini esitetiyo pochoka anawasiyira galimotoyo injini itafa kale. Anachita kuikoka ndi ng'ombe kuti ifike pakhomo.

Galimoto zamtundu umenewu sankapanga zambirimbiri ngati zamasiku ano. Fakitale inkangopanga injini ndi chitsulo chapansi. Thupi lake ankalipanga amisiri pamanja. Ankayamba ndi mafelemu a matabwa, kenako n'kukuta ndi aluminiyamu amene ankamumenya pang'onopang'ono mpaka akhote mmene iwo akufunira. Choncho chitseko chake n'chake chokha. Mukhoza kutha nsapato mukuzungulira mashopu a mu Lilongwe, simungachipeze.

Malemu bambo akewo anali atalonjeza akazi awo kuti galimotoyo ikadzakonzedwa adzawakhazika kumbuyo, pamalo a mabwana paja, n'kuwayendetsa mpaka kumsika wa Mitundu, anthu aone. Anamwalira asanatero. Pano mayiwo akudwala, ndipo kuchipatala anawauza kuti azikapumula kunyumba. Tonse tikudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Lameki akufuna kukwaniritsa lonjezo la bambo ake mayi ake akadali ndi moyo.

Injini waivutikira mpaka yayamba kutsokomola. Matabwa amene chiswe chinadya akuwasintha, ngakhale kuti mlombwa ukusowa. Kalipentala wina anangomuseka, amvekere akaufunse kwa ootcha makala a ku Dzalanyama. Dzimbiri, makoswe, nkhuku zimene zinkaikira mazira pansi pa chiwongolero, zonsezo wathana nazo. Amene amukanika ndi abale.

Maliro a bambo ake atatha, achibale anakhala pansi kuti agawe katundu. Zovala zinagawika, makasu anagawika, njinga inapeza mwini. Itafika nkhani ya galimoto, mkangano unabuka, aliyense akuti nayenso ndi magazi a malemu. Kuti pasakhale wodandaula, anagwirizana zoigawana. Wina anamasula nyali. Azakhali anatenga mpando wakumbuyo n'kukauika pakhonde, mpaka chikopa chinatha ndi mvula. Galasi lapakati lija linakasanduka zenera la golosale. A Yosefe, mng'ono wawo wa malemu, anasenza zitseko ziwiri zakumbuyo. Abalewo anasiyira mayi a Lameki chigoba, n'kuwauza kuti iwo ndiwo alandira gawo lalikulu.

Lameki wayenda khomo ndi khomo, chipewa chili m'manja. Nyali zinabwera. Galasi linabwera litang'aluka, mpando unabwera masipuling'i okhaokha. Zitseko ndizo zinatsala. Akanangopeza chimodzi, akanaonera pomwepo n'kusula chinzake.

A Yosefe tinawapeza akusankha fodya m'chigafa. Anatilandira bwino, anatipatsa mipando, anafunsa za odwala.

"Bambo, ndabwerera zitseko zija," anatero Lameki.

"Zitseko ziti, mwana wanga?"

"Za galimoto ya malemu. Amayi sali bwino. Ndimafuna ndiwakwezeko."

Mkuluyo anasiya fodya uja, anakanda kumutu, kenako anaitana akazi awo kuti atulutse zija. Mayiwo anabwera atanyamula mapoto akuda bii ndi mwaye, n'kuwayala pansi patsogolo pathu.

"Ndi zimenezitu," anatero a Yosefe. "Zinkangokhala kuseri kwa nkhokwe, ana n'kumaseweretsa. Atadutsa osungunula aluminiyamu aja, ndinati bola zigwire ntchito. Ndipotu ndi mapoto olimba, sabooka. Pomanga chiliza cha abambo ako tinaphikira momwemu, iwenso unadya nawo."

Musaganize kuti ankanena mwachipongwe. Ayi ndithu. Iwo ankaona kuti anachita zanzeru, ndipo mwachifundo chawo anawonjezera kuti, "Tengako kakang'onoka, ukawapatse mayi ako."

Lameki ananyamula kapotoko n'kumakasisita m'mbali. Ine mtima unandiwawa kwambiri. Ndinkafuna kukalipa, koma ndikanakalipira ndani? Mkulu amene sanabe chilichonse, amene anangolandira gawo lake pamaso pa mudzi wonse?

Ndikufunseni, awerengi. Ndi angati mwa inu amene simunaonepo zoterezi pakhomo panu?

Telala akamwalira, mutu wa makina osokera umapita kwa mphwake, miyendo yake n'kupita kwa mlongo wake, ndipo palibenso amene adzasoke ngakhale thumba. Ngolo timaivula matayala. Ng'ombe ziwiri zimene zinazolowerana pagoli timazilekanitsa, ina kumpoto ina kumwera. Ndinaonapo chigayo chimene chinkadyetsa banja lonse chitagawidwa, injini kwina, malamba kwina, mpaka amayi a m'mudzimo anayambanso kuyenda mtunda wautali ndi matumba pamutu.

Timati tikufuna chilungamo, aliyense alaweko. Koma tiyeni tinene zoona. Chimene sitimatha kupirira ndi kuona m'bale wathu ali ndi chinthu chathunthu ife tilibe. Bola chife, tonse tifanane.

Sindikunena kuti kugawana n'koipa. Chimanga chimagawika, mbuzi imagawika, ndipo aliyense amapita kwawo ndi chakudya. Koma pali zinthu zina zimene mukazidula pakati palibe amene amapindula. Choipa n'chakuti pabwalo loterolo palibe amene amalimba mtima kunena kuti, "Abale, ichi chokha tisachidule." Akangotero, amuloza chala kuti ndi wadyera, akufuna kulanda chuma cha malemu. Ndiye tonse timakhala duu. Wamasiye ndiye amakhala chete kuposa onse, chifukwa amamuuza kuti wolira salankhula za katundu.

Ndipo amene timalira kuti dziko lathu lilibe zinthu zakale zoonetsa ana ndife tomwe. Zikhalapo bwanji, pamene maliro alionse timafika ndi sipanala m'thumba?

Tinabwerera kwawo kwa Lameki dzuwa likupendeka. Mayi a Lameki anali atagona pamphasa pakhonde, atafunda zitenje ngakhale kunkatentha.

"Mwazipeza?" anafunsa.

"Anazisungunula, amayi," anayankha Lameki, maso ali pansi.

Mayiwo anavundukula zitenje zija. Kenako anati, "Ndidzutseni. Ndikwera momwemo."

Tinayala bulangete ndi mtsamiro pamasipuling'i paja, n'kunyamula mayiwo. Anali opepuka kwambiri moti ndinachita mantha. Ine ndinakhala pambali pawo n'kuwagwira mkono kuti asagwere panja, popeza kunalibe chitseko chowatchinga. Lameki analiza injini. Galimoto inanjenjemera, inasuntha, fumbi likulowa mbali zonse. Tinadutsa khola, tinadutsa nkhokwe. Titangofika kumapeto kwa bwalo, pamene kanjira kopita kumsika kamayambira, injini inazima. Anayesa kuiliza kangapo koma inakaniratu.

Mayiwo sanayang'ane panja. Maso awo anali pagalasi long'alukalo, akupenya mwana wawo kumbuyo kwa mutu.

"Khosi lakolo ndi la abambo ako," anatero. Atapuma pang'ono anawonjezera kuti, "Basi, ndafika. Nditsitseni."

Lameki anatsamira pachiwongolero n'kulira ngati mwana. Akuti ayesa kusula zitseko zina mongoganizira, ndipo ndikudziwa kuti ayesadi. Koma mmene ndinamvera kupepuka kwa mayi aja m'manja mwangamu, ntchito imeneyo iwo sadzaiona.