Kiyibodi Imene Ndinawasankhira a Gwedeza

A Bartholomew Gwedeza anabadwa pa 3 Malichi 1951 m'mudzi wina kumunsi kwa Bembeke, kumene anthu amalima kachewere ndi nyemba. Bambo awo ankafuna kuti adzakhale wansembe. Ku seminale anakhalako chaka chimodzi chokha, koma anabwerako ndi luso limene lawadyetsa moyo wawo wonse, lotaipa. Wansembe wokalamba amene ankawaphunzitsa ankawaphimba manja ndi nsalu kuti asamayang'ane mabatani. Kuyambira pamenepo a Gwedeza akamataipa maso amakhala pazenera, makutu ndi zala n'zimene zimagwira ntchito.

Lolemba pa 10 Januwale 1972 anayamba ntchito ya ukalaliki pa sukulu ina ya mishoni. Ine ndinafika pa sukuluyo mu 1976 kudzaphunzitsa Sitandade 7, ndipo Loweruka pa 12 Ogasiti 1978 tinakwatirana. Choncho amene ndikulemba za iwowa ndi amuna anga.

Ku ofesi ankataipa mayeso ndi makalata a aphunzitsi aakulu. Kunyumba anali ndi taipilaita yawoyawo, yachitsulo, yolemera ngati mwana wa zaka zitatu. Anthu ankabwera ndi makalata ofunsira ntchito, zokambirana za mumphakati, ndiponso mbiri ya malemu yoti ikawerengedwe pamaliro. Sankalipiritsa. Wothokoza ankasiya kabasiketi ka mapichesi pakhonde. Atapuma ntchito mu 2011, mphakati wathu wa Yosefe Woyera unawasankha kukhala mlembi, ndipo chaka chilichonse ankangowabwezera pampando popanda wopikisana nawo.

Tebulo lathu la pabalaza linali limodzi. Iwo ankakhala uko ndi taipilaita, ine kuno ndi makope a ana ofunika kuchonga. Nyumba yathu ndi yamalata, yopanda siling'i, ndiye phokoso likakwera kudenga linkabwerera pamutu panga. Ndili ndi vuto la mutu waching'alang'ala kuyambira utsikana. Sindinawauzepo kuti taipilaita ija inkaudzutsa. Ndinkamwa mapiritsi, n'kupitiriza kuchonga.

Lachisanu pa 21 Epulo 2023 taipilaita inathyoka kachitsulo kena mkati, ndipo wokonza anasowa. M'nyumba munangoti zii. Ndiyenera kunena zoona, ndinapumula. Pa Khirisimasi mwana wathu Fiona, amene ndi namwino ku Lilongwe, anawabweretsera laputopu yake yakale. A Gwedeza anaiphunzira msanga, koma mabatani ake sanawakonde. Ankati n'chimodzimodzi kugogoda pa mbale yopanda kanthu. Poyamba ankaika nkhope pafupi ndi galasi lake kuti aone zimene alemba. Pofika Malichi 2024 matenda a shuga anali atawawononga maso moti zilembo sankaziona n'komwe. Tinagwirizana kuti iwo azitaipa, ine ndiziwawerengera, kenako wina azipita nazo kukapulinta pa Bembeke.

Mwamuna wa Fiona, Dennis, ndiye anabweretsa nzeru. Iye amakonda kusewera magemu pa kompyuta akaweruka. Anauza apongozi ake pa foni kuti pali makiyibodi ena amene batani lililonse lili ndi kaswitchi kakekake pansi, ndipo ukalidina chala chimamva, khutu limamvanso. Anati ang'onoang'ono, opanda mbali ya manambala ya kumanja, si okwera mtengo, ndipo angakwane bwino patebulo lathu. A Gwedeza anakondwa. Taipilaita yawo nayonso inalibe mbali imeneyo.

Ineyo ndinali ndi ulendo wa ku Lilongwe wokasintha magalasi anga. Dennis anali ku Mchinji pa ntchito, koma anasiya kapepala kwa Fiona kosonyeza dzina la shopu ndi mawu awa: "Yaing'ono, ya maswitchi a buluu." Mawu oti buluu anawalemba mzere kunsi.

Loweruka pa 18 Meyi ndinalowa m'shopumo ndekha, Fiona ali ku chipatala. Wogulitsa anali bambo wonenepa, wanthabwala.

"Agogo, mukugulira mdzukulu? Amasewera gemu yanji?"

"Ndikugulira amuna anga. Ali ndi zaka 73."

"Ee! Ndiye madala amenewo ndi oopsa. Amasewera ya mpira kapena yowomberana?"

"Amataipa makalata, bambo."

Anatulutsa kiyibodi ziwiri zofanana, zosaposa mkono wanga kutalika, zonse zoyaka timagetsi tamitundumitundu kunsi kwa mabatani. Anazula batani limodzi pa iliyonse kuti ndione. Kunsi kwa lina kunali kapulasitiki ka buluu, kwa linalo kofiira.

"Ya buluuyi ndi ya otaipa. Tamvani." Anayendetsa zala. Tcha tcha tcha tcha. Mutu wanga unaidziwa nyimbo imeneyo nthawi yomweyo. "Yofiirayi ndi ya anyamata a magemu. N'njofewa, kungoikhudza basi yalemba, ndipo siisokosa." Anaidina. Inamveka ngati mvula yowaza pa udzu.

"Nanga mtengo?"

"Ndi umodzi, agogo. Sankhani."

Kapepala ka Dennis kanali m'dzanja langa lamanzere. Ndinakapinda. Ndinaganiza za miyezi khumi ndi itatu imene ndinakhala osamwa piritsi la mutu. Ndinadziuza kuti zala za munthu wokalamba zikufunika zofewa, ndipo pamene wogulitsa ankaika yofiira m'katoni ndinali nditatsala pang'ono kukhulupirira.

Kunyumba a Gwedeza anaitulutsa okha. Anaisisita mbali zonse, napeza titotupa tiwiri timene timakhala pa F ndi J, naikapo zala. Anadina kangapo, napendeketsa mutu.

"A Nangozo, imeneyi ndi imene ananena Dennis ija? Bwanji ili duu?"

"Ya buluu inatha," ndinatero.

"Chabwino. Tizolowera."

Sanazolowere. Zala zimene zamenya chitsulo zaka makumi asanu n'zolemera. Zikangopuma pa mabatani ofewa aja, zilembo zinkalembeka zokha, ndipo panalibe chowauza kuti zalembeka. Pamene ankafuna "a" mmodzi pankabwera anayi. Pena chilembo chinkasowa. Ine ndinkakhala pambali pawo n'kumawerenga mokweza, cholakwa chilichonse chinkatulukira pakamwa panga.

"Mzere wachitatu, mwalemba Yoseefe."

"Ine?"

"Inde. Ndipo pa mawu oti msonkhano pali ma d awiri kutsogolo."

Ankatambasula zala, n'kuyambiranso.

Lachinayi pa 20 Juni tinaika maliro a mnansi wathu a Yohana, mmisiri wa matabwa. Ine ndinali kusiwa ndi amayi anzanga kuyambira dzulo lake, ndiye mbiri ya malemu imene a Gwedeza anataipa inapita kokapulinta ndisanaiwerenge. Kumanda woiwerenga anafika pa chaka chobadwa, naima. Papepala panali 19444. Anayesa kudumpha, nakumana ndi dzina la mkazi wa malemu, mayi Anjelina, lili ndi ma j atatu. Kumbuyo kwa gulu ena anaseka chapansipansi. Wina anati, "A kalaliki akalamba." A Gwedeza anali pafupi, ndipo makutu awo ndi akuthwa.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuviika manja m'madzi ofunda a mchere m'mawa uliwonse. Ankati mwina n'kuzizira kwa Juni. Lachiwiri pa 25 Juni anandipempha kuti ndiwaperekeze ku chipatala. Dokotala anawapima, nati manja ali bwino. Pobwerera a Gwedeza anaima pamsewu, nawatambasula patsogolo panga.

"Tayang'anani bwino. Akunjenjemera?"

"Ayi, sakunjenjemera."

"Mukungondilimbitsa mtima. Inu simufuna kundiuza zoipa."

Ndinawagwira mkono, tinapitiriza ulendo. Madzi a mchere aja ndinali kuwatenthetsa ndine. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa. Lamulungu ndinkagwada mu tchalitchi, koma kukalandira Ukalistiya ndinasiya, ndipo atandifunsa ndinati bondo likundipweteka.

Lachisanu pa 12 Julayi, titamwa tiyi wa m'mawa, anandiitana.

"Ndataipa kalata. Muiwerenge, mukonze zolakwika, muilembe ndi dzanja lanu. Sindifuna kuti nayonso akaiseke."

Inali ya kwa wapampando wa mphakati. Ankapempha kuti pa msonkhano wa Lamulungu pa 14 Julayi asankhe mlembi wina, popeza maso anapita kale ndipo tsopano manja nawonso awakana. Ankathokoza chifukwa cha zaka khumi ndi zitatu. Ankapemphanso kuti anthu asamabweretsenso makalata kunyumba kwathu, komanso kuti banja la a Yohana liwakhululukire. M'kalata ya mizere isanu ndi inayi munali zolakwika khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinaziwerenga chamumtima.

"Bwanji mwangoti phee?" anafunsa.

"Bambo a Fiona, manja anu alibe vuto."

"Mwayambanso."

"Ya buluu sinathe. Inalipo. Wogulitsa anandionetsa, anati ndi ya otaipa, mtengo wake womwewo. Ndinasankha yofiira ndine, chifukwa siisokosa."

Anachotsa manja pa kiyibodi, nawaika pamaondo. Panja munthu wina ankadutsa ndi njinga yolira tcheni, ndipo tinaimvera mpaka inafika kutali.

"Linali liti tsiku lija?"

"Pa 18 Meyi."

"Ndiye lero akwana masiku angati? Ndikudziwa kuti mwawerenga."

"Makumi asanu ndi asanu."

"Ndi madzi a mchere omwe aja, a Nangozo?"

Ndinkayembekeza kuti akalipa. Chikhala kuti anakalipa, bwenzi zitandipepukira. Koma patapita nthawi anafunsa motsitsa mawu:

"Phokoso lija linkakupwetekani?"

"Linkadzutsa mutu."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira chaka chimene tinalowa m'nyumba muno."

"Mu 1978." Anapukusa mutu. "Ine kumanyadira kuti mkazi wanga amakonda kukhala pafupi ndikamagwira ntchito. Tandipatsani foni, mundiimbire Dennis."

Anatuluka nayo panja. Zimene anakambirana sindinazimve.

Mawa lake, Loweruka, Dennis anatsika minibasi cha m'ma 11 ali ndi kiyibodi yake m'chikwama. Inali yaing'ono ngati yathu, koma yakale, ya maswitchi a buluu. Anati asinthana, popeza yofiira ndi imene imamuyenera iye pa magemu, ndipo wakhala akuisirira.

"Koma bambo, zilembo zinayi zinafufutika kumanzere uku. N'zimene ndimathamangitsira anthu anga mu gemu."

"Ngakhale zitafufutika zonse, ine ndikuziona ngati?" anatero a Gwedeza. "Bweretsa kuno."

Anaikapo zala. Tcha tcha tcha. Anaima, naseka, kenako anayamba kuthamanga. Anataipa Atate Athu yense osapuma. Ndinawerenga kawiri. Panalibe cholakwa ngakhale chimodzi.

Dennis ndi mkamwini waulemu, sandiyang'ana m'maso. Ankakulunga chingwe cha yofiira ija pamene anafunsa, maso ali pansi:

"Amayi, kapepala kaja sikanakufikeni? Ndimayesa ndinalemba buluu."

Ndisanatsegule pakamwa, a Gwedeza anayankha.

"Kanafika. M'shopumo inali itatha."

Pa zaka zonse zimene ndawadziwa, sindinawamvepo akunama. Bodza loyamba limene ndinawamva linali langa lomwe, ndipo ananena pofuna kundiveka pamaso pa mkamwini.

Lamulungu pa 14 Julayi tinapita ku mphakati. Kalata ija inatsala m'laputopu. A Gwedeza anapereka zokambirana za mwezi watha, zotaipidwa mwatsopano, ndipo anapatsa mayi Anjelina mbiri ya amuna awo yolembedwa bwino kuti asunge. Nkhani yosankha mlembi wina sinatchulidwe. Anthu ayambiranso kubwera ndi makalata.

Lolemba pa 15 Julayi ndinapita kudimba. Pobwera ndinapeza pabalaza pali tebulo lokha. Laputopu ndi kiyibodi anali atazisamutsira m'kachipinda ka kuseri kamene timasungiramo kachewere, pa thabwa lokhazika pa matumba awiri. M'kachipindamo simulowa dzuwa, ndipo Julayi wa kuno aliyense amamudziwa. Ndinawapeza atavala chipewa cha ubweya ndi jekete ziwiri.

"Bwererani pabalaza, mudwala chibayo."

"Muno muli bwino. Mbatata sizidwala mutu."

Ndawachonderera kangapo. Ndawauza kuti mapiritsi alipo, kuti ndinazolowera, kuti phokosolo tsopano ndikulifuna. Amangoti, "Munapirira zokwanira," n'kutseka chitseko. Akamaliza amandiitana kuti ndidzawerenge, ndipo nthawi zambiri sindipeza choti ndikonze.

Masiku ano ndimati akalowa n'kuyamba kutaipa, ndimawaikira mbaula pafupi ndi khomo, n'kusiya chitseko chotsegula kuti utsi uzituluka. Ndicho chifukwa chimene ndimawauza. Ndikatero ndimakoka mpando n'kukhala m'khonde la mkati ndi nsalu yanga yosoka. Sipapita nthawi, kutaipa kumaima.

"A Nangozo, muli pamenepo?"

"Ndili pano."

"Mutu?"

"Uli bwino."

Amadikira pang'ono, ngati akuyeza mawu angawo. Kenako amadzuka, n'kupapasa khoma, n'kukankha chitseko mpaka chitatsala kampata ka dzanja limodzi.