Khadi la Ubatizo Limene Chiswe Sichinadye

Kalata yochokera ku Mangalande inandipeza ndikuphunzitsa pa sukulu ina pa boma la Mzimba. Zinali zaka zija munthu unkayamba wacheuka usanatchule dzina la dziko loyandikana ndi lathu. Anali atandipatsa malo pa koleji ya aphunzitsi, maphunziro a zaka zitatu. Chinatsala ndi viza, koma viza sapereka kwa munthu wopanda pasipoti. Ndinali ndi masabata asanu kuti zonse zitheke, apo ayi malo anga apatsidwa kwa wina.

Zithunzi, kalata ya dokotala, khadi la chipani, zonsezo ndinazithamangira n'kuzipeza. Ku ofesi, bwana wolandira mafomu a pasipoti anali mkulu wina wa m'chigawo chapakati, wolankhula ngati mawu amachita kugula. Anasanthula mapepala anga n'kuloza mzere umodzi ndi bolopeni.

"Mwalemba kuti munabadwira ku Mzimba. Umboni uli kuti?"

"Nkhope yangayi, bwana."

Pakamwa pangapa pandipweteketsa kambiri. Bwanayo sanaseke. Anati ndibwere ndi khadi la ubatizo, likasowa ndibwere ndi kholo lidzalumbire.

Loweruka ndinakwera lole ya matabwa yochokera ku Chikangawa mpaka pa Jenda, kotsalako ndinayenda pansi. Bambo anali atamwalira kale, kumudzi kunali mayi okha. Anatsegula sutikesi yawo yachitsulo n'kutulutsa khadilo m'kati mwa buku la nyimbo. Ndinaliwerenga kawiri. Pa malo obadwira panalembedwa mudzi wa agogo, amayi awo a mayi, tsidya lina la malire, ku Lundazi.

"Amama, ichi n'chiyani?"

"Nanga mwana woyamba amabadwira kwa apongozi? Mimba itakula ndinaluta kwa amama ŵane monga mwanakazi aliyense. Mbwenu ndinabwera nawe uli ndi miyezi itatu."

Mayi, amene Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chitumbuka, sankaona chachilendo. Kwathu mkazi amakakhala kwa mwamuna, koma pa uchembere woyamba amabwerera m'manja mwa mayi ake. Kwa agogo unali ulendo wa m'mawa umodzi, kudutsa dambo ndi minda ingapo, ndipo nthawi imeneyo panalibe wofunsa pepala. Koma tsopano tsidya limenelo ndi kumene ankati kukubisala zigawenga. Mtsikana wa kumpoto, wobadwira kumeneko, atalemba zina pa fomu, wofuna kutuluka m'dziko! Ndinkadziwa aphunzitsi amene anaitanidwa kukafunsidwa zazing'ono kuposa zimenezi, ndipo sitinawaonenso m'kalasi.

Ndisaname, ndinapsa mtima. Ndinakalipira mayi anga chifukwa cha ulendo umene anayenda ine ndili m'mimba. Kenako ndinanena chimene ndinkafuna: tikati khadi linadyedwa ndi chiswe, iwo akalumbire kuti ndinabadwira m'nyumba ya bambo.

"Kulumbira na Baibulo?"

"Eya, amama."

"Ndapota, mwana wane, usandipemphe chimenecho."

Mayi anali a bungwe la amayi ku mpingo, a bulauzi yoyera ndi duku loyera. Bodza lawo lalikulu linali kunena kuti akhuta pamene ndiwo zachepa. Ine ndinkadziwa zimenezi, komabe ndinawauza kuti akakana ndiye kuti andimangirira pa choko mpaka kufa. Mawu amenewo amandichititsabe manyazi. Lolemba m'mawa ndinawapeza atavala kale, nsapato zili m'manja kuti zisade ndi fumbi.

Njira yonse sanandiuze kuti akanena chiyani, ndipo ine ndinaopa kufunsa. Pa lole ankangoyang'ana minda. Mtima wanga unali m'mwamba, chifukwa ndinkadziwa kuti munthu uyu akhoza kugwira Baibulo n'kunena zoona zonse, mwaulemu, atagwada.

Mu ofesi muja, pafupi ndi khomo, munakhala bambo wina wa jekete, akuwerenga nyuzipepala osatembenuza tsamba. Tonse pa boma tinkadziwa ntchito ya anthu otere. Bwana wa mafomu anatambasula dzanja.

"Khadi lija?"

"Linadyedwa ndi chiswe, bwana."

"Chiswe cha kuno chimakonda makhadi a ubatizo," anatero, osandiyang'ana.

Anatenga Baibulo pa shelefu n'kupatsa mayi. Iwo analilandira ndi manja awiri n'kuyamba kupereka moni m'Chitumbuka.

"Pano timalankhula Chichewa, mayi. Mwana uyu munamuberekera kuti?"

Ndinamva nyuzipepala ija ikupindidwa kumbuyo kwanga. Ndinkafuna kuwaponda chala mayi kuti ayankhe. Sanandiyang'ane ine, ankayang'ana chikuto cha Baibulo.

"Kwa adada ŵake. Muno m'Malawi."

Ndinati zatha, koma bwanayo sanalembe kanthu.

"Nanga inuyo makolo anu ali kuti? Alipo woti tingamufunse?"

Funso limeneli sitinalikonzekere. Akanangotchula mudzi wa agogo, bodza lonse likanagwa pomwepo, ndipo tikanatuluka ndi mlandu wolumbira monama pamwamba pa zinazo. Mayi anayankha akuyang'anabe Baibulo.

"Ŵanafwa kale chomene, bwana. Palibe watsala."

Agogo anali moyo. Mtedza umene ndinadya kumudzi Loweruka lija unali wochokera m'munda mwawo.

Bwanayo analemba pang'onopang'ono, mayi anadinda chala, iye anamenya chidindo. "Yewo, bwana," anatero mayi, n'kubweza Baibulo mofulumira ngati likutentha. Wa nyuzipepala uja anali atabwerera ku tsamba lake lomwe lija.

Panja ndinawagulira zitumbuwa, anakana. Anaima pansi pa mtengo akupukuta inki ya pa chala ndi nsonga ya chitenje, koma sinkachoka.

"Ndaika amama ŵane m'manda ŵali ndi moyo," anatero. "Luta, ukaphunzire chomene."

Pasipoti inatuluka, viza inabwera masiku atatsala owerengeka, ndipo ndinapita. Makalata a mayi, amene mwana wina wa sukulu ankawalembera, ankanena za mvula ndi chimanga basi. Tonse tinkadziwa kuti makalata opita kunja amatsegulidwa m'njira.

Nditabwerako ndi pepala langa, amayi a ku mpingo ndi amene anandiuza kuti zaka zitatu zonsezo mayi sanadye Mgonero wa Ambuye. Ankanamizira miyendo. Kuulula kwa akulu a mpingo sakanatha, chifukwa mmodzi wa iwo analinso wapampando wa chipani m'mudzimo. Ndinawapeza mayi akutonola chimanga pakhonde, n'kunena kuti mawa ndikufuna kukaonekera kwa agogo.

"Ŵanafwa chaka chatha, nthawi ya kukolola."

Ndinakhala pansi, pa dothi pomwepo. Ndinafunsa ngati maliro anayenda bwino, komanso kuti anakhalako masiku angati.

"Sindinalute," anatero, manja akutonolabe. "Iwe unali ukadali kusukulu. Akanandigwira pa malire, ndikanati ndikupita ku maliro a ndani?"