Tsiku Limene Maliro a Yoramu Anakana Panjira

Mervin Sakala amamata matayala pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa siteshoni ya maminibasi ku Chongwe. Mukamuona lero, wofatsa ngati mkulu wa mpingo, simungakhulupirire kuti ndi yemwe uja ankatisowetsa mtendere ndi wailesi ya m'galimoto. Ine ndinamudziwa akadali wa mamina, makolo ake atangobwera kuchokera ku Katete n'kupeza munda kuseri kwa Chalimbana, moyandikana ndi wathu. Sanali mwana woipa ayi. Matenda ake anali amodzi: ankafuna kuti akamadutsa anthu azicheuka.

Mkulu wake Yoramu anali munthu wa khasu. Atakolola bwino tomato zaka zingapo anagula galimoto yakale yaitali miyendo, ija imakoka ndi mawilo onse anayi. Galimotoyo inali bulu wa mudzi wonse. Inkanyamula feteleza, mabokosi a tomato, amayi opita kukachira, ndipo ngakhale msewu wa kumunda usanduke phala m'dzinja, iyo inkangodutsa. Yoramu anakwatira Dainess, wa mtundu wa Asoli a cha ku Kasisi, mkazi wosalankhulalankhula. Azakhali awo, a Rosaria, sanamukhululukire mphwawoyo chifukwa chosakatenga mkazi kwawo ku Katete, ndipo sankabisa.

Impso zitamuvuta Yoramu, anamugoneka m'chipatala ku Lusaka kwa miyezi. Makiyi anapatsa Mervin kuti azikagulitsa tomato komanso azinyamula Dainess popita kukadwazika. Mervin anasangalala kwa sabata imodzi yokha, kufikira anzake a kotsukira galimoto atayamba kumufunsa kuti thalakita yakeyo akalima nayo kuti. Mawuwo anamulowa mpaka m'mafupa. Anapita kwa makaniko wina wa m'mbali mwa msewu ku Lusaka n'kumuuza kuti aitsitse. Makanikoyo anafunsa ngati galimotoyo imayenda m'misewu ya fumbi, Mervin nati ayi, iye ndi wa m'tauni. Basi anadula masipuling'i onse anayi, galimoto n'kukhala pansi ngati nkhuku yofungatira.

Pa tala inkaoneka bwino, ndisaname. Pa mahampu ankadutsa chopingasa, pang'onopang'ono, chigongono chili pawindo. Koma kumunda sanapitenso nayo. Ankaisiya pa boma ponena kuti mafuta adula, tomato n'kumabwera pa ngolo mpaka pamsewu waukulu. Ankadziuza kuti mkulu wake asanatuluke m'chipatala adzakhala atabwezeretsa masipuling'i ena.

Yoramu sanatuluke wamoyo. Pokonza za maliro a Rosaria analamula kuti mwanayo apite kwawo kumunda pa galimoto yake, imene anaikhetsera thukuta. Apa ndi pamene Mervin akanatsegula pakamwa. Lole ya anthu olira inalipo, bokosi likanakwana bwinobwino. Koma kunena kuti anapundula galimoto ya mkulu wake, mwiniwake ali gone m'chipatala, kunamulemera. Anangoti chabwino, napinda mipando yakumbuyo.

Tinanyamuka ku mochale dzuwa litakwera, lole patsogolo, ife tikuimba. M'galimoto ya Yoramu munali bokosi, Dainess, a Rosaria ndi amayi ena awiri. Titasiya tala tinalowa msewu wa kumunda, umene mathalakita anaukumba mbali zonse n'kusiya msana pakati. Pafupi ndi dambo lole inadutsa. Kumbuyo kwathu kunamveka kukhulika kwa chitsulo, ndipo titacheuka tinaona galimoto itaima, mawilo akungozungulira m'malere. Mimba yake inali itakhala pa msana wa msewu.

Amuna anatsika kukakankha, koma sinasunthe. Mmodzi anasuzumira pansi n'kunena kuti galimoto yatsika kwambiri, ngati yasenza matumba a simenti. Iye ankangonena zimene waona, koma anthu anamva zina. Manong'onong'o anayenda m'khamu lonse kuti thupi lalemera.

A Rosaria anatsika, namanga chitenje bwinobwino.

“Motoka iyi siinakanepo pano, ngakhale mu mvula,” anatero. “Ni Yoramu wakana. Pali munthu muno wamene afunika kukamba.”

Sanatchule dzina, koma maso onse anapita kwa Dainess. Anamutsitsa, namugwaditsa m'fumbi kumbuyo kwa galimoto, kuti apepese mwamuna wake ndi kuulula chimene anamuchita. Tonsefe ndife a mpingo, ena atavala yunifolomu ya chigwirizano, koma nyimbo inazima. Dainess anagwira chitseko chakumbuyo n'kumangoitana dzina la Yoramu chapansipansi. Anati alibe choulula. A Rosaria anati aganize bwino, dzuwa likadalipo. Zinali zochititsa manyazi kuona, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamalopo mtima umandiwawa.

Mervin anali chiimire pafupi ndi chitseko cha dalaivala, makiyi ali m'manja, thukuta lili kamukamu. Mawu ochepa chabe akanamudzutsa mlamu wakeyo m'fumbi. Anayang'ana khamu, anayang'ana anzake aja a kotsukira galimoto amene anabwera kudzalira nawo, nawonso anayang'ana kumbali.

Pamapeto pake akuluakulu anati bokosi litsitsidwe. Litangotuluka, pamodzi ndi amayi aja, galimoto inanyamuka pang'ono, ndipo atakankha inachoka mosavuta. Kwa anthu umenewo unali umboni wokwanira. Anyamata anasenza bokosi pamapewa mpaka kumanda, Dainess akuyenda kumbuyo yekha, popanda womugwira mkono.

Mervin sanadye masiku a maliro onsewo. Pa msonkhano wa banja, atamva a Rosaria akunena kuti Dainess asiye nyumba ndi munda abwerere kwawo, anaimirira. Ananena zonse: za anzake, za makaniko, za masipuling'i. Anati aliyense wofuna akagwade aone yekha pamene anadula. Analira ngati mwana, ndipo ine ndinati mumtima, zengerezu adalinda kwawukwawu, komabe walankhula.

Palibe amene anadzuka kukaona. A Rosaria anamuyang'ana nthawi yaitali.

“Pa njira paja unali zii,” anatero. “Lelo chakubaba n'chani? Si ndiwe wenze kumupeleka ku Lusaka, muli babili chabe mu motoka?”

Mlandu umene unalibe dzina tsopano unalipeza, ndipo amene anaupatsa dzinalo ndi Mervin yemwe. Analumbira, anatchula Mulungu, koma akamalumbira kwambiri anthu ankangogwedeza mitu. Abusa anayesa kuzimitsa moto, ena anati lamulo sililola kuthamangitsa mkazi wamasiye, ndipo n'zoona. Koma Dainess anati sangakhale pamudzi pamene akapita kukatunga madzi amayi anzake amasiya kucheza.

Tsiku lochoka anamanga katundu wake m'zitenje, nakwera ngolo ndi ana ake awiri mpaka pamsewu waukulu. Mervin anali atamudikirira pamenepo, galimoto ataitsuka, zitseko zonse zili pululu. Anagwada pa miyala anthu akuona, napempha kuti amulole kumuperekeza mpaka kwawo, kuti akafotokoze yekha kwa makolo ake.

Dainess sanakalipe. Anamuuza kuti adzuke, akudetsa buluku. Kenako anayang'ana galimotoyo, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

“Mulamu, ninaziba pa siku loyamba lamene munabwela nayo ku chipatala,” anatero. “Ninakwela kopanda kugwilila. Sininauze akulu banu cifukwa benze kudwala, ndipo pa njira paja nenze kuyembekeza kuti muzakamba mweka.”

Minibasi ya ku Lusaka inaima, kondakitala n'kuyamba kuponya mitolo ija mkati. Dainess anakweza ana, nayika phazi pachitseko, kenako anacheuka.

“Musavutike,” anatero. “Njira ya kwathu ili na miyala. Motoka yanu siingafike.”