Tiyi wa Pakhomo la Azungu

Fungo la polishi wapansi sindinaliiwale mpaka pano. Ndalimvanso lero kuchipatala, ndipo mtima wabwerera ku Lusaka, nthawi ya Chitaganya.

Kunali kutatsala masiku awiri kuti tisamuke ku Kabwata kubwerera kwathu ku Nyasalande. Bambo, amene anali telala, anavala jekete nati tikaone tauni komaliza. Tinaona sitima, nyumba zosanja ndi zidole zovala madiresi m'mawindo. Kenaka tinafika pamalo odyera azungu, pomwe anthu akuda ankagulira pakawindo kakumbali. Bambo anandigwira dzanja n'kulowera pakhomo.

Pansi ponyezimira pankanunkha polishi. Masupuni onse anasiya kulira. Woperekera zakudya, mkulu waimvi, anatithamangira.

"Ba telala, chokani msanga, azaitana kapokola," ananong'ona, akutanthauza apolisi.

"Mwanayu akufuna tiyi ndi banzi," anatero bambo, akukhala pampando.

Ine sindinkafuna kanthu, ndinkangofuna amayi. Mwini malowo, dona wamtali, anayamba kuimbira apolisi, maso ali pa ife. Kunsi kwa tebulo bondo la bambo linkanjenjemera n'kumagunda langa.

"Khala bwinobwino, mama," anandiuza bambo. "Tiyi wathu sanabwere."