Feriya Yomwe Ndinkathira Mchere

Bata ya amayi, mkanjo woyera uja amavala aphunzitsi, inkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, itakutidwa ndi chitenje kuopa mwaye. Anali asanaivalepo m'kalasi. Anabwera nayo pa feriya, tchuthi cha sukulu, kuchokera ku Cuamba, kumene ankaphunzira zauphunzitsi ali kale ndi ana awirife. Kunali kutatsala chigawo chimodzi kuti amalize.

Kuti apite kusukuluko, anamusiyitsa bere mlongo wanga asanayambe n'kuyenda komwe. Abambo ankakhalira kunyanja ya Chiuta ndi maukonde, ndiye ankatisunga ndi azakhali, mlongo wawo wa abambowo. Amayi anapeza mwana atatupa mapazi, tsitsi litafiira ngati ndevu za chimanga. Ukamudina pamwendo, kadzenje ka chala kankatsala.

M'mawa mwake amayi akuphika matemba, azakhali anatenga chikopa, kachitini kosungiramo mchere, n'kundipatsa ine. "Uzithira ndiwe, mwana iwe." Ndinanyada kwabasi, ndimvekere ndakula. Amayi anangosonkheza nkhuni.

Lero ndikudziwa kuti kumeneko kunali kutukwana. Kwathu amati mayi akayenda ndi mwamuna wina, mwana amadwala tsempho, amatupa. Ndipo mayiyo akathira mchere m'ndiwo, amatsiriza mwana n'kudwalitsanso mwamuna wake. Azakhali sanatchule dzina la munthu aliyense. Anangondipatsa chikopa, mudzi wonse n'kumva.

Abambo anabwera panjinga, nkhope ili gwa. Amalume anaitanidwa. Ndikusenda chinangwa kuseri kwa nkhokwe ndinamva mawu amodzi okha a abambo: "Ku Cuambako asabwererekonso."

Amayi anabereka mwana mpaka kuchipatala ku Insaca. Anamwino anati ndi njala, phala lake linali la madzi okhaokha, ndipo anawapatsa chiponde cha m'timapepala. Azakhali anaseka. "Tsempho n'kuchiza ndi mtedza?" Sindiwada azakhaliwo, ankatiphikira zomwe zinalipo. Koma kunali kopepuka kwa iwo kuloza ku Cuamba kusiyana n'kuyang'ana m'mbale ya mwanayo.

Litatsala tsiku limodzi kuti sukulu itsegulidwe, masana, ndinafika pamafuwa ndi chikopa changa. Amayi anandigwira padzanja mpaka ndinamva kupweteka. Anatapa mchere okha, anakweza dzanja kuti a pakhonde onse aone, n'kuwaza. Anapakula, anamudyetsa msuzi mwana, kenako anagwada n'kuika mbale pamaso pa abambo.

"Idyani, bambo ake. Ngati mukundikayikira, isiyeni."

Azakhali anakhosomola. Abambo anayang'ana ndiwozo nthawi yaitali, mpaka msuzi unayamba kugwirana pamwamba. Kenako anaitanitsa madzi, anasamba m'manja, anadya mpaka kupukuta mbale.

Mawa lake amayi anakwera shapa, minibasi ya ku Cuamba, mwana kumsana, chiponde m'thumba. Anati akapempha mayi wina wa pafupi ndi sukuluyo kuti azimusunga masana. Ine sindinawaperekeze. Ndinakhala pamtondo nditatupa masaya, chifukwa anandilanda ntchito yanga pamaso pa anthu, n'kutenga mwana kusiya ine. Anandiitana kawiri kuchokera kumsewu, ine osacheuka. Ndinkangodabwa kuti munthu wamkulu chonchija, woti akukaphunzitsa ana a eni, angachite kunjenjemera dzanja pothira mchere m'matemba.