Ndinkabwereka Ndili Nazo

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Bua tsiku limene a Sudi, amalume ake a Mwanaisha, anandifunsa kuti ndimagwira ntchito yanji. Ndinayankha kuti ndimathandiza bambo anga m'munda wa mpunga, nthawi zina ndimakakoka nawo khoka. Iwo anangogwedeza mutu n'kupitiriza kusoka ukonde wawo, ngati pabwalopo palibe munthu. Zinandiwawa kuposa kutukwanidwa. Mwanaisha ndinkamufuna ndi mtima wonse, ndipo popanda a Sudi kuvomera panalibe ukwati. Sabata isanathe ndinali m'minibasi ya ku Lilongwe, chikwama pamiyendo.

Ntchito ndinaipeza m'shopu ya simenti ndi malata. Tinkanyamula matumba mpaka msana kuuma gwa, n'kukagona m'kachipinda ka lendi ndi mnzanga Gift wa ku Ntcheu. Kusungulumwa kunalipo, ndisaname. Ramadhani yoyamba ndinkafuturu ndekha, tiyi ndi sikono, uku ndikumvetsera mobwerezabwereza mawu amene mayi anga ananditumizira pafoni. Powayankha ndinkati zonse zili bwino. Mwanaisha yekha ndinkamutumizira zithunzi nditatsamira galimoto za makasitomala.

Nzeru ya m'tauni anandiphunzitsa ndi Gift. Ankati ku Lilongwe munthu wopanda ngongole sadziwika, ali ngati sanabadwe. "Rajabu, bwereka pang'ono pafoni, ngakhale uli nazo. Ubweze tsiku lisanakwane. Mawa akupatsa zambiri." Ndinayesa, ndipo zinatheka. Ndinkabwereka ndalama, osaigwira n'komwe, n'kuibweza ndi kachiwongoladzanja kake, kamene ndinkadziwa kuti a Shehe akwathu sangakondwere nako. Mlingo wa ndalama zimene ankandilola kutenga unkangokwerakwera. Ndinatenga foni yolipira pang'onopang'ono n'kumaliza nthawi isanakwane. Abwana ataona zimenezi anayamba kundipatsa malata pangongole kuti ndizikagulitsa kwa omanga nyumba. M'menemo ndi mmene ndinapezera kangachepe.

Patatha zaka zingapo ndinabwerera, m'foni muli ndalama zokwanira kanyumba, mahari a mkwatibwi ndi mpamba wa bizinesi. Sindinauze munthu, ngakhale mayi anga, poti kwathu ukaonetsa thumba sulimangaso. Komanso ndinkawadziwa a Sudi: ndalama zokha sizikanawagwedeza. Ankafuna amve anthu akunena kuti mwana wa uje ndi wokhulupirika. Ndiye ndinati, dzina ndimadziwa kulimanga kwake, ndinapita kusukulu yake.

Ndinayambira kwa a Yusufu a pagolosale. Ndinabwereka kandalama kochepa, ndinakasunga m'thumba la malaya, mkuja wake n'kukabweza. Kenako kwa wakabaza. Kenako kwa mayi Zuwena, amasiye amene amakazinga mandasi m'mbali mwa msewu. Ndinazungulira mudzi wonse, ena mpaka kawiri. Tsiku lina ndinabwereka ngakhale mchere, chikhalirecho m'nyumba mwathu uli wodzaza chitini. Ndikamayenda ndinkachita kunyang'wa, poganiza kuti dzina likukwera ngati pafoni paja.

Zinayamba kukhota nditapita kachiwiri kukabweza kwa a Yusufu. Anandikankhira dzanja, akuti ndisunge kaye, m'tauni mumavuta, iwonso anapitako ku Dwangwa kukadula nzimbe n'kubwerako ndi nsapato zokha. Wakabaza nayenso anakana, n'kuwonjeza kuti ndikafuna kupita kulikonse ndizingomuuza, zolipira tidzaona. Kunyumba kunayamba kufika timbale ta mpunga, usipa wouma, mwina sopo. Mayi anga ankalandira mutu uli pansi, kenako n'kukalira kuseri kwa nyumba. Lachisanu lina titatuluka mu mzikiti, akuluakulu anandikokera pambali n'kundifumbatitsa ndalama zimene anasonkha mwakachetechete. Ndinazilandira pakamwa pali yasa. Ine, mwini wake wa dzina labwino la ku Lilongwe, ndasanduka wa sadaka!

Mwanaisha ananditumizira mawu achidule: ukanandiuza ine poyamba kuti zinakuvuta, m'malo mondijambulira galimoto za eni.

Apo n'kuti a Sudi atandiitanitsa kale. Ndinawapeza pakhonde. Anandilandira bwino zedi, mwaulemu umene unandiopsa. Anati amva zonse, umphawi si mlandu, ndipo kubweza kwanga akukuyamikira ngakhale akudabwa kumene ndimazitenga zobwezazo. Koma mwana wa mlongo wawo sangamupereke kwa munthu wobwereka mchere. Za ukwati tidikire kaye ndiimirire, ndipo ngati ndikufuna, malo alipo m'boti lawo.

Ndinatulutsa foni msangamsanga, ndikuwaonetsa ndalama zanga, ndikufotokoza za mlingo wokwera, za Gift, za kubweza tsiku lisanakwane. Ndinkayankhula ngati wogulitsa mankhwala m'basi. Iwo anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali, kenako n'kundiyang'ana ine.

"Ndiye kuti munali nazo?"

"Ndinali nazo, amalume."

"Mayi Zuwena aja anakupatsani ndalama yawo yogulira ufa ndi mafuta. Tsiku limenelo sanakazinge, ana awo anagonera phala. Ankauza anthu kuti sangamuone mwana wa mnzawo akuvutika. Inu n'kuti mukuwayesa?"

Pafoni ndikabwereka palibe amene ankagona ndi njala. Sindinaganizeko n'kamodzi komwe kuti ndalama ya kuno imachoka m'manja mwa munthu. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo, ndipo ndinadziwa kuti Mwanaisha ndamutaya ndi nzeru zanga zomwe.

Ndinanyamuka molunjika kwa mayi Zuwena, ndi thumba la ufa ndi chigubu cha mafuta. Anamvetsera nkhani yonse, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, kenako anandikalipira ngati mwana wawo, n'kulandira katunduyo. Dzuwa lisanalowe, kuyambira pamsewu mpaka kumathiriro a Bua, aliyense anali atamva kuti Rajabu ndalama ali nazo, chimene alibe ndi mutu.

M'mawa mwake ndinamva odi pakhomo. Potsegula ndinapeza a Sudi, atavala kanzu yawo yoyera, kumbuyo kwawo kuli anthu ena akuyembekezera pansi pa mtengo wa mango. Anakhala pampando, anafunsa za moyo wa aliyense m'nyumba, mmodzimmodzi, osafulumira. Kenako anati injini ya boti lawo yafa, ndipo amva kuti m'mudzi muno muli mnyamata wodziwa bwino nkhani za ngongole.

Ndinawapatsa. Ndinapatsanso a Yusufu, wakabaza uja, ndi ena amene sindinkadziwa n'komwe kuti ndi abale anga. Kanyumba kaja kanathera pa mawindo, mpaka lero tinatchingamo ziguduli. Nikaha yathu, mwambo womanga ukwati, inachitika titakolola mpunga, ndipo a Sudi anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti mkamwini wawo ndi munthu wodalirika. Ya injini ija sanabwezebe. Ndikati ndiitchule, Mwanaisha amandiponda phazi pansi pa tebulo.